Nyumba Yatsopano ya ku Lilanda ndi Mng'alu Wake

Ndinabadwira ku Mtendere m'Lusaka, ndinakulira ku Mtendere, ukwati nawo unandipeza konko. Makolo anga anachokera ku Katete, koma ine kumudzi ndimakudziwa ngati malo opitako pamaliro. Amuna anga amayendetsa minibasi ya ku tauni, ine ndimaphika masikono ndi makeke a maukwati. Zaka zonse za banja lathu tinkachita lendi zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya alandilodi, ife ndi ana athu aakazi awiri, pabwalo limodzi ndi mabanja ena. Mpopi unali umodzi, chimbudzi chimodzi, ndipo chingwe choyanikapo zovala chinkayambitsa nkhondo Loweruka lililonse. Keke ya ukwati ndikamaliza kuikongoletsa ndinkaiika pabedi la ana, iwo n'kugona pansi mpaka eni ake adzaitenge.

Tinakhala tikusunga kwa nthawi yaitali kuti tidzagule puloti, koma nkhani za mapuloti zinkatiopsa. Mnzathu wina wa kutchalitchi anagula malo, n'kudzapeza kuti agulitsidwanso kwa anthu ena. Wina anayamba kumanga, omanga n'kumadya simenti ngati ndiwo, nyumba n'kuima pamawindo mpaka udzu kumera m'kati. Ndiye tinkangozengereza. Tsiku lina masana, nthawi ya ntchito, amuna anga anatulukira pakhomo ali wefuwefu, ine n'kuganiza kuti basi yachita ngozi.

"Bamake mwana, sambani m'manja, tiyeni," anatero. "Kuli vinthu nifuna muone."

"Nili na keke ya mailo, imwe," ndinatero, poti inali ya ukwati wa mawa lake.

"Keke izayembekeza. Nyumba siziyembekeza."

M'njira ndi mmene anandifotokozera. Munthu wina amene anakwera basi yawo m'mawa anawauza za kontirakita amene amamanga nyumba n'kuzigulitsa zitatha kale, kumapeto kwa Lilanda, cha kunjira ya ku Chunga. Osati puloti, osati maziko, koma nyumba yathunthu yongolandira makiyi. Tinakwera basi mpaka m'tauni, n'kusintha ina ya ku Matero, ulendo wonsewo ndili ndi ufa m'zikhadabo.

Tinazionera patali. Nyumba zisanu pamzere umodzi, penti yake ngati batala, malata obiriwira, mawindo a zitsulo zoyera. Pakati pa fumbi la kumeneko zinkawala ngati zatsitsidwa kumwamba m'mawa womwewo. Kontirakitayo anatilandira yekha. Anali bambo wamkulu thupi, wansangala, wovala shati yoyera, kumutu chipewa cholimba cha pantchito chopanda ngakhale kadontho ka fumbi.

"Madamu, yambani ndimwe kulowa," anatero akugwedeza makiyi. "Nyumba isankhiwa na mzimayi. Ba bosi abwera chabe kuperekeza."

Ndinavula nsapato pakhomo, ngakhale panalibe amene anandiuza kutero. Pansi panali matailosi ozizira, kumwamba siling'i yoyera, zipinda zogona zitatu, chilichonse ndi chitseko chake. Chimbudzi chinali m'nyumba momwemo. Ndinatsegula madzi ake, n'kuima kumvetsera, n'kutsegulanso, mpaka amuna anga anandikoka dzanja. Koma chimene chinandimaliza chinali khitchini. Munali sinki, mpopi, ndi windo lalikulu loyang'ana kum'mawa. Ndinatambasula manja pakona kuyeza poika uvuni, ndipo malo anatsala oikapo tebulo la makeke.

Ndinafunsa mafunso ambiri tsiku limenelo. Malaiti alipo? Madzi amabwera tsiku lililonse? Msika uli kuti, nanga sukulu? Amuna anga nawo anachita zimene aliyense m'Lusaka amakuchenjeza: anatenga akulu awo n'kuyenda m'maofesi kutsimikiza kuti malowo ndi a bamboyo ndipo sanagulitsidwe kwa wina. Zonse zinapezeka zolongosoka. Zimene zili pansi pa penti ndi pansi pa matailosi, palibe anatiuzapo kuti nazonso zimafunsidwa.

Tinasamuka mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Katundu wathu yense anakwana m'kalole kamodzi, uvuni itakhala pamwamba ngati mkwatibwi. Amayi a pabwalo lathu la ku Mtendere, ngakhale amene tinkakangana nawo za chingwe, anatiperekeza mpaka kumsewu ndi nthungululu. Loweruka lotsatira anabwera a kutchalitchi. Abusa anapemphera m'chipinda chilichonse, mpaka m'bafa, amayi akuimba, mawu akumveka bwino m'nyumba yopanda katundu ngati tili m'tchalitchi chachikulu. Ana anathamanga mpaka kutopa. Madzulo ake wamng'onoyo anandikoka chitenje n'kunong'ona.

"Amami, manje ba landilodi ba pano ni bandani? Sitinabapatse moni."

"Ni ine," ndinamuyankha. Ndinaseka mpaka misozi.

Nyumba yoyandikana nafe anagula mayi wina wamasiye wochokera ku Petauke, wachikulire ndithu koma wa mawu akuthwa, amene anathera moyo wake wonse m'nyumba za lendi kukomboni ya George. Tinkangoitanana kuti ba neba. Kumapeto kwa mzere kunali mphunzitsi wa sekondale, munthu wofatsa woyankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Nyumba zinazo munalowa mabanja achinyamata. Tonse tinali atsopano, tonse tikuyenda ngati tapambana mpikisano. Aneba ankasesa pakhomo pawo kangapo patsiku, palibe ngakhale tsamba.

Mvula yoyamba tinailandira ndi chimwemwe. Ku Mtendere ikagwa sitinkamvana kuyankhula chifukwa cha malata, ndipo madzi a pabwalo lonse ankathera pakhomo pathu. Kuno inkamveka patali, mofatsa, siling'i itaitchinga. Ndinakhala pawindo la khitchini ndikumwa tiyi ngati mkazi wa nduna.

Itagwa kangapo, chitseko cha kuchipinda kwathu chinayamba kuvuta kutseka. Amuna anga anati ndi thabwa latupa ndi chinyezi. Kenaka pakhoma la kumbuyo, kuyambira pakona ya windo kutsika pansi, panaoneka kamzere konga ulusi. Ndinakapukuta ndi nsalu poganiza kuti ndi kangaude. Sikanachoke. Patapita masiku kankalowa kamtengo ka machesi, kenaka chala changa, ndipo m'mawa dzuwa linkalowera pamenepo n'kujambula mzere pabedi. Matailosi a m'njira yopita kuzipinda anayamba kulira ngati ng'oma ukawaponda. Tinkaona zonsezi, koma aliyense ankaopa kuyamba kuzitchula.

Chimene chinatsegula pakamwa panga ndi keke. Linali Lachisanu masana, mvula ikukhuthuka, ine nditangomaliza keke ya ukwati wa mawa lake, yosanjikiza, yoyera, ya maluwa a shuga amene ndinawaumba limodzilimodzi. Ndinabwerera m'mbuyo kuti ndiione bwino. Ndipamene ndinaona kuti siling'i ya pamwamba pa tebulo yatupa ngati mimba. Ndisanaponye phazi, inang'ambika, madzi akuda okwana chidebe chonse ndi zidutswa zake n'kugwera pakati penipeni pa keke.

Ndinatuluka panja ndikukuwa, sindikudziwa kuti ndinkapita kuti. Pamvulapo ndinapeza aneba akukankha madzi ndi tsache kuchokera m'nyumba mwawo. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana shuga amene anali m'manja mwanga.

"Na imwe yayamba?" anafunsa. "Bwerani muone vanga."

Anandilowetsa kuchipinda kwawo. Penti ndi pulasitala zinali zitasupuka malo aakulu ngati thireyi, mabuloko ali poyera. Anatenga supuni ya tiyi n'kukanda. Buloko inayoyoka ngati bisiketi yonyowa, mchenga n'kudzaza supuni.

"Mwaona, ba neba? Nyumba yanga ningaidye na supuni. Ningofunika chabe shuga."

Tinayang'anana, n'kuphulika kuseka, madzi akutipita m'mapazi. Kuseka kwake kunali kwa anthu amene akudziwa kuti akasiya ayamba kulira. Keke ina ndinaiphikira pabalaza, ndipo inafika ku ukwati anthu atakhala kale pamipando.

Amuna anga anaimbira kontirakita uja. Anayankha mwansangala monga kale.

"Ba bosi, musade nkhawa. Nyumba yanyowani ili monga nsapato yanyowani. Ifunika kuzolowera."

Anatumiza anthu ake ndi ndowa ya pulasitala ndi chitini cha penti. Anamata mng'alu, n'kupaka, n'kusintha chidutswa cha siling'i. Mvula yotsatira mng'alu unabwerera pamalo ake omwewo, utakula. Titaimbanso, mawu anali atasintha. Anati tinagula titaona ndi maso athu, ndipo nyumba ikagulidwa ndi ya wogula. Pambuyo pake foni inkangolira osayankhidwa.

Masiku amenewo amuna anga anasiya kuimba nyimbo posamba. Ine ndinkaopa kukumana ndi anthu a ku Mtendere m'tauni, poti funso lawo linali limodzi: nyumba ili bwanji? Koma mantha enieni anali a khoma lija, kuti tsiku lina lidzatigwera. Tinakokera bedi pakati pa chipinda.

Tinakumana tonse a mumzerewo pakhonde pa aphunzitsi. Nyumba iliyonse inali ndi nthenda yake. Aphunzitsi anati anamva kuti kukhonsolo kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuyendera zomangamanga, ndipo adzapitako akaweruka kusukulu. Anapitadi, n'kubwera ndi yankho loti oyendera adzafika. Tinayamba kudikira.

Koma kontirakita sanadikire. Kuseri kwa nyumba zathu anali atayamba kale mzere wachiwiri, ndipo Lamlungu lililonse masana ankabwera ndi anthu ofuna kugula. Ankaimika galimoto patali, n'kuloza nyumba zathu ndi makiyi. Kunjaku zinkaonekabe zokongola, makatani ali m'mawindo, maluwa a aneba ali pakhomo. Tsiku lina mphepo inatibweretsera mawu ake: "Mwaona, aba banalowa kudala, bakhala bwino maningi."

Aneba anaika tsache pansi.

"Ba neba, mwamvera? Uyu muntu atisandutsa chikwangwani. Manje chikwangwani chizakamba."

Nzeru yawo inali yosavuta. Anthu akubwera kudzaona nyumba zosatha, pamene zotha zili pomwepo. Bwanji osawatsegulira zitseko? Aphunzitsi poyamba anachita mantha, kenaka anavomera, koma anatipempha chinthu chimodzi: pasakhale kutukwana, pasakhale kutchula munthu kuti wakuba. Tingoonetsa zimene zilipo, maso a anthu aweruze okha.

Sindikumbuka sabata ina imene ndinaiyembekezera ngati imeneyo. Ndinali ngati mwana wodikira Khirisimasi. Loweruka ndinaphika masikono odzaza beseni, aneba anakonza thobwa la kwawo. Lamlungu titabwera kutchalitchi sitinavule zovala. Tinatulutsa tebulo, n'kuyalapo nsalu ya maluwa, zitseko zonse zisanu n'kuzitsegula mpaka kukhoma. Amuna anga, amene masiku onsewo anali duu, anavala jekete la ukwati wathu.

Galimoto inafika, ina pambuyo pake, ndi anthu ena oyenda pansi. Kontirakita anatsika, n'kuyamba kuloza monga mwa masiku onse. Dzanja linaima m'malere ataona tebulo. Aneba anali atanyamuka kale, manja ali pamodzi mwaulemu.

"Mwabwera bwanji, balendo? Musaimilire pa zuba. Bwerani mumweko tobwa, muone na mukati mwa nyumba zosila. Ni zimozi na zamene mufuna kugula."

Ndani angakane mayi wachikulire woitanira chakumwa? Anabwera onse. Kwa ine kunalowa banja lachinyamata, mkaziyo ali woyembekezera, ndi bambo wina wa suti. Ndinawaonetsa khitchini, iwo n'kuyamikira windo. Ndinawaonetsa bafa. Kenaka ndinatsegula chitseko cha kuchipinda, chimene chinafunika phewa la amuna anga, n'kuima pambali. Mtsikanayo anayenda pang'onopang'ono mpaka pakhoma. Analowetsa dzanja mumng'alu, zala zake n'kutulukira kunja. Anatembenuka kuyang'ana mwamuna wake.

"Yakhala zaka zingati iyi nyumba?" mwamunayo anandifunsa.

"Iyi ndiye mvula yake yoyamba."

Kwa aneba kunkamveka phokoso. Anali atapereka supuni kwa mlendo aliyense kuti akande yekha. Bambo wa suti anapita kumeneko, n'kutuluka akupukuta mchenga m'manja, n'kulunjika kumzere watsopano. Anatola buloko imodzi pamulu, n'kuikweza kufika m'chiuno, n'kuisiya. Inamwazika ngati chigumu. Anthu onse anati "Aaa!" nthawi imodzi.

Kontirakita anabwera patebulo thukuta lili kamukamu.

"Madamu, muniwonongera bizinesi! Ivi ni vinthu vokambisana mwa ulemu."

"Ine napasa chabe balendo masikono," ndinatero. "Tengankoni na imwe."

Anatembenukira kwa amuna anga, poganiza kuti mwina mwamuna mnzake amumvetsa. Amuna anga anakonza jekete.

"Munaniuza mweka kuti nyumba ikagulidwa ni ya wogula. Manje nyumba ni yanga. Nilowesa wamene nifuna."

Alendo anamaliza thobwa, anathokoza, n'kumapita. Mtsikana woyembekezera uja anandikumbatira pochoka. Galimoto ya kontirakita itazimiririka, aneba anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, ife tonse n'kuvina pamatope, ngakhale aphunzitsi. Khoma linali likadali long'aluka, palibe chimene chinali chitakonzedwa, koma tsiku limenelo tinadya ngati anthu opambana mlandu.

M'kati mwa sabata yotsatira oyendera aja anafika. Amene ankatsogolera anali mtsikana wamng'ono thupi, wovala majombo odzaza matope. Sanafune tiyi. Analowa nyumba iliyonse, kuyang'ana, kugogoda, kujambula ndi foni. Kenaka anapempha kuti pakumbidwe m'mbali mwa khoma lathu la kumbuyo. Amuna anga anagwira piki okha. Sanakumbe nthawi yaitali, maziko n'kutha. Pansi pake panayamba kutuluka mapulasitiki, mabotolo osweka, ndi nsapato yakale ya mwana. Mbali imeneyo kale linali dzenje limene anthu ankatayamo zinyalala, ndipo linangokwiriridwa ndi dothi pamwamba.

Mtsikanayo anakhala nafe pakhonde n'kutifotokozera mwachifatse. Anati womanga akaloledwa kumanga, nkhani sithera pomwepo. Amayenera kuitana oyendera akakumba maziko asanathire konkire, n'kuwaitananso ntchito ikamakwera, ndipo pamapeto nyumba imayenera kuonedwa n'kuvomerezedwa kuti anthu angathe kukhalamo. Wathuyu chilolezo choyambira anali nacho, koma sanaitanepo munthu.

"Wogula ali na ufulu wofunsa ivi vonse akalibe kulipira," anatero. "Ngati womanga akalipa mukafunsa, ninshi mwapeza kale yankho."

"Mwana wanga," anatero aneba, "ivi ungavikambe pa wailesi? Chifukwa ise tinafunsa chabe za malaiti."

Mtsikanayo anatenga mabuloko angapo kuti akawayeze, ndipo ntchito ya mzere wachiwiri anaiimitsa tsiku lomwelo.

Patapita masabata tinaitanidwa kukakumana ndi kontirakita pamaso pa oyenderawo. Anabwera wopanda chipewa chija, akuoneka ngati wachepa. Anati amene ankamuumbira mabuloko anamunyenga, foromani wake ankagulitsa simenti kumbali, ndipo za dzenje sankazidziwa. Mwina zina zinali zoona, sindingalumbire. Aneba anamumvetsera mpaka kumapeto.

"Pepani na mavuto yanu," anatero. "Koma ise sitinagule nyumba kwa foromani."

Kontirakita anavomera kukonza. Maziko a kumbuyo akumbidwe mpaka pa nthaka yolimba, makoma ofooka agwetsedwe n'kumangidwanso, denga likonzedwe, ngalande ya madzi ikumbidwe, ndipo mzere wachiwiri usapitirire mpaka zathu zitatha. Ife tinawonjezera pempho limodzi: mabuloko aumbidwe pomwepo, simenti isakanizidwe pamaso pathu.

Ntchito inayamba mvula itatha. Tinasamutsira zonse pabalaza ndi kukhitchini, kumbuyo kwa nyumba kutatsekedwa ndi tenti ya buluu. Tinabwerera m'zipinda ziwiri m'nyumba yathu yomwe, ana n'kumasangalala ngati tili paulendo. Aneba anatulutsa mpando ndi ambulera, n'kukhala pafupi ndi posakanizira simenti kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Thumba lililonse linkatsegulidwa iwo akuona. Omangawo anayamba kuwaitana kuti ba insipekita, ndipo sanadane nawo. Mmodzi anandiuza kuti nawonso zimawawawa kumanga chinthu chimene akudziwa kuti chidzagwa. Ine ndinkawapatsa masikono otsala, iwo n'kumandionetsa mmene buloko yabwino imalirira ukaigogoda.

Sizinayende mosalala. Kontirakita ankasowa, ntchito n'kuima, aphunzitsi n'kupitanso kukhonsolo, iye n'kutulukira. Banja lina la mumzere wathu, la khanda, silinathe kupirira fumbi, linabwerera kwa makolo ku Matero ndipo silinabwerenso. Matailosi a m'njira mwathu ena amalirabe mpaka lero. Koma tsiku linafika, mphepo ya Julaye ikuwomba, pamene mtsikana wa majombo uja anazungulira nyumba yathu, n'kulowa, n'kutuluka, n'kunena kuti tsopano ili bwino. Amuna anga anamugwira chanza ndi manja awiri, osafuna kusiya. Anamenya khoma latsopanolo ndi chikhatho mpaka chinafiira, akuseka ngati mwana.

Nkhani inayenda. Amuna anga ankaifotokozera aliyense wokhala kutsogolo m'basi, ndipo kutchalitchi inafika mpaka kumisonkhano ya amayi. Anthu anayamba kundipempha kuti ndiwaperekeze akamakaona nyumba. Ine sindine womanga, sindidziwa kuwerenga pulani. Ndimangodziwa mafunso ofunsa, ndiponso sindichita manyazi kugogoda kwa oyandikana nawo.

Amene ndimamukumbukira kwambiri ndi mnzanga wa m'kwaya, wogulitsa salaula, zovala zakale za m'mabelo, amene ankachita lendi ku Chawama ndi ana ake, mwamuna atamusiya. Anapeza nyumba yatsopano ku Kanyama ndipo anali ataikonda kale. Anafuna tipite nthawi ya dzuwa. Ndinamuuza kuti tidikire mvula igwe kaye. Tinapita mu Januwale, nsapato zili m'manja. Nyumbayo inali yokongoladi, ya pinki, koma tisanalowe ndinamutengera kwa mayi wina amene ankagulitsa tomato moyang'anana nayo. Mayiyo anangotionetsa mzere wakuda pakhoma la nyumba yake, wofika m'mawondo, pamene madzi amafika chaka chilichonse.

Wogulitsa nyumbayo anali mnyamata wa mafuta onunkhira. Nditamufunsa ngati oyendera anaona maziko, ndiponso ngati nyumbayo inavomerezedwa kuti anthu akhalemo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Imwe ndimwe bandani? Ogula ni aba."

"Ndine mukulu wawo," ndinatero.

Mnyamatayo anati zonse zili bwino, mapepala ali kwa abwana ake, tibwere sabata yamawa, koma tikachedwa ena atenga. Ndinapempha kuti ndione buloko imodzi yotsala. Anati zinatha zonse. Tinathokoza n'kutuluka.

M'basi mnzangayo analira. Anati anali atauza kale ana kuti aliyense adzakhala ndi bedi lake. Ndinangomugwira dzanja, chifukwa ndinkadziwa mmene penti yatsopano imagwirira mtima.

Patapita miyezi anandiimbira akukuwa moti ndinachotsa foni kukhutu. Anali atapeza ina cha ku George. Tinathamangira komweko. Inali yaing'ono, yosapaka penti, mabuloko ali poyera, pansi simenti chabe. Womanga wake anali bambo wachete wa ndevu zaimvi. Ndisanamalize funso loyamba, anatulutsa foni n'kutionetsa zithunzi za maziko ali otsegula, munthu ataimamo mpaka m'chiuno, woyendera ali pambali. Anatipatsa hamala kuti timenye buloko iliyonse imene tikufuna. Mnzangayo anamenya ndi mphamvu zake zonse za mayi wonyamula mabelo. Hamala inadumpha, buloko ili chilili. Anamenyanso, n'kuyamba kuseka, n'kumenyanso, mpaka bamboyo anati, "Mayo, yakwana, muzanipwanyila hamala."

Tsiku lolandira makiyi anandiitana. Anabwera ndi ana ake atavala za kutchalitchi, ndi chitini cha penti ya pinki chimene anagula yekha. Pakhomo anandipatsa kiyi kuti nditsegule ndine. Ndinakana, n'kumubwezera m'dzanja. Poyesa kutsegula, kiyi inamupulumuka n'kugwa pansi, mwana wake wamkulu n'kumutolera. Anayesanso, loko inalira, ana n'kumudutsa m'miyendo kuthamangira m'kati kukalimbirana zipinda.